Timizere Tofiira pa Duwa la Nandolo

Kompyuta ya malemu akazi anga ndinaipha ndine, ndipo ndinaipha ndi kansalu. Ndayamba n'kuulula zimenezi kuti wina asadzati ndinkadziyeretsa.

Ndine telala. Ndinabwera kuno ku Durban tsitsi lili bii, pano imvi zili mbuu. Akazi anga ananditsatira patapita zaka ziwiri, ndipo mwana wathu mmodzi yekhayo, wamkazi, tinamusiya kwathu ku Chiradzulu m'manja mwa amayi ake aang'ono. Akazi angawo anapeza ntchito ku Tongaat pa kampani ina yopeta mabaji a mayunifolomu a sukulu. Kumeneko ndi kumene anaphunzira kupeta ndi makina. Umajambula duwa kapena zilembo pakompyuta, kompyutayo n'kumauza makina poti singano ibaye, ndi ulusi wanji, kangati. Kampaniyo itagula makina atsopano, akale aja anati atayidwe. Akazi anga anapempha amodzi pamodzi ndi kompyuta yake, chibokosi chotuwa cholira ngati chigayo chakutali, ndipo tinakaziika m'kashopu kathu ku Verulam, kuseri kwa renki ya mateksi.

Kashopuko n'kakang'ono, moti tinkakhala mofulatirana. Makina anga osokera anayang'ana kukhomo, awo anayang'ana kukhoma. Ndikatsamira pang'ono, msana wanga unkagunda wawo. Zaka khumi ndi chimodzi ndinkadziwa kuti lero akondwa kapena ndawalakwira pongomva msana. Ine mtima wanga ndi wapachala, ndimadziwa, ndipo kasitomala akayamba kundiphunzitsa ntchito yanga, iwo ankandigunyuza ndi chigongono osacheuka n'komwe. Pamenepo ndinkameza mawu.

Mabaji ndiwo ankatidyetsa, koma iwo anali ndi kanthu kawokawo, duwa la nandolo. Analijambula okha pakompyutapo, mwezi wathunthu akufufuta n'kuyambiranso. Masamba atatu obiriwira, duwa lachikasu, ndi timizere tofiira tochokera pakati kumwazikira m'mbali, mmene limaonekera m'munda nyengo yozizira. Mzulu akafunsa kuti ndi duwa lanji, ankangoti ndi la nyemba. Wakwathu akaliona sankafunsa. Ankangoyamba kukamba za ndiwo. M'teksi Chichewa timachimeza, foni ikalira timaisiya ilire, poopa kudziwika kuti ndife obwera, koma duwa lija mayi ankayenda nalo pachifuwa tauni yonse popanda womufunsa kuti kwanu n'kuti.

Atayamba kudwala anati akufuna akapume mphepo ya kwathu. Ndinawakweza basi, ine n'kutsala, chifukwa mapepala anga anali atatha kalekale. Ndikanatuluka sindikanalowanso, nanga mankhwala akanagula ndani? Anakhala kumudzi miyezi isanu ndi itatu ndi mwana wathu. Maliro awo ndinawamvera pafoni nditakhala pampando wangawu, kumsana kukupita mphepo.

Asanapite anali atandionetsa podina kuti baji ituluke, choncho kompyuta inapitiriza kugwira ntchito. Tsono kwathu chinthu chamtengo sichikhala pamtunda. Wailesi, kanema, kabati, zonse timazifunditsa kansalu kopeta. Kompyuta ijanso inali ndi kake, koyera, kokhala ndi duwa la nandolo pakona. Iwo ankakayala madzulo akazimitsa, m'mawa n'kukachotsa. Ine atamwalira sindinakachotsenso. Ndinkafuna ndikacheuka ndizilionako duwalo. Kanalendewera mbali zonse, n'kutseka timabowo tomwe chibokosicho chinkapumira, ndipo ine mbuli sindinadziwe kuti chibokosi chimapuma. Aliyense amene anakhalako kuno amadziwa kutentha kwa Durban, kwachinyontho kuja koti malaya amamatirira pathupi. Tsiku lina masana ndinangomva fungo la pulasitiki wopserera, chigayo chija n'kuti zii.

Chikhala kuti inafa chaka china, bwenzi nditangodandaula n'kuiwala. Koma sabata yomweyo mwana wanga anali ataimba foni. Chinkhoswe chinali chitachitika, tsiku la ukwati litadziwika, ndipo kwa ine ankapempha chinthu chimodzi chokha, kuti diresi lake ndisoke ndine ndipo pakhale duwa la amayi ake. Ine ndi matama anga ndinamuuza kuti zimenezo n'zazing'ono, agone tulo. Wathiransipota amene amatitengera katundu kumudzi ankanyamuka patatha masabata atatu. Mwana amene sindinamuperekezeko kusukulu ngakhale tsiku limodzi, amene anaika amayi ake m'manda ine kulibe, wandipempha duwa lokha, ndipo duwalo latsekeredwa m'chibokosi chakufa. Ndinagwira njakata.

Ndinachikulunga m'bulangete n'kukwera nacho teksi ya m'tauni, chili pamiyendo. Malo awiri oyamba anandiseka. Anati madala, izi n'zakumtaya, gulani yatsopano. Malo achitatu anali kachipinda kam'mwamba pafupi ndi msika, kodzaza mawaya, ndipo munali bambo wina wachikulire kuposa ine, wa kachipewa koyera ndi magalasi okhuthala. Ndinamufotokozera m'Chizulu changa chopunduka, iyenso n'kumayankha m'Chizulu chosiyana pang'ono ndi changa. Atatsegula chibokosi n'kundionetsa pamene panapsa, pakuda bii, mawu anangondipulumuka.

"Mayo ine."

Anatsitsa magalasi n'kundiyang'ana. "Pepani achimwene," anatero m'Chichewa. "Khalani pansi."

Anali wa ku Mangochi. Tinaseka pang'ono pozindikira kuti amuna awiri aimvi takhala tikuzunzana ndi chiyankhulo cha eni. Kenako anandiuza za ntchitoyo mosabisa. Mkati mwa kompyuta munapsa ndithu, koma chimbale chosungira zinthu chinali chamoyo, ndipo duwa linali momwemo. Ine ndinati basitu, chotsani chimbalecho muchiike m'kompyuta yatsopano, ndigula. Sanalimbane nane. Anachiikadi m'kompyuta yatsopano ine ndikuona. Inayaka, n'kuonetsa zilembo zoyera, n'kuzima, n'kuyakanso, n'kuzimanso, mpaka ndinamuuza kuti aisiye.

Anafotokoza pang'onopang'ono, monga munthu wozolowera makasitomala ouma mutu. Duwa lija silitseguka popanda pulogalamu yopetera imene akazi anga ankagwiritsa ntchito. Pulogalamuyo siyenda popanda sisitimu yakale imene inkayendetsa kompyuta yonse. Ndipo sisitimu yakaleyo simvana ndi purosesa ya masiku ano, kachitsulo kamene kali ngati ubongo wa kompyuta, chifukwa pamene inkapangidwa, mapurosesa otere kunalibe. Ndinafunsa ngati sitingapeze chibokosi china chakale. Anati tingachipeze, koma chikhala nkhalamba inzake, ndipo ndi chinyontho cha kunyanja kuno ndidzabweranso ndi bulangete langa chaka chisanathe. Panalinso vuto lina limene iye ankaliopa kuposa onse. Amene anapanga sisitimuyo anasiya kalekale kuitseka mabowo, moti ikangolumikizidwa pa intaneti, akuba amalowa mosavuta, n'kukhoma mafayilo onse kuti mwini wake asawatsegulenso.

Ndinafunsa kuti ndiye kuti zatha basi? Anati ayi. Anati m'kati mwa kompyuta yatsopano amanga ina yongoyerekeza, yooneka ngati yakale ija, kuti sisitimuyo izikhala mmenemo n'kumaganiza kuti idakali kwawo. Anati ndiganize za kachipinda kakuseri kwa nyumba ya landilodi. Magetsi ndi madzi zichokera kunyumba yaikulu, koma kachipindako sikakhala ndi khomo lotulukira kumsewu. Pamenepo ndinamva bwinobwino, pakuti m'kachipinda kotero ndakhalamo theka la moyo wanga.

Ntchitoyo inamutengera sabata yathunthu ndi masiku awiri. Choyamba anakopera chimbale chonse kawiri, china n'kundipatsa kuti ndikasunge kutali ndi shopu. Kenako pulogalamu inakana kutseguka, ikufuna kakiyi kake. Kakiyi kameneko kanali kapulasitiki kakang'ono kofiirira kobayidwa kumbuyo kwa chibokosi, kamene ine ndinakazula ponyamula n'kukaponya m'chitini cha mabatani poganiza kuti n'kachidutswa kothyoka. Atandiimbira, ndinakhuthula chitini chonse pansi, mabatani mbwee shopu yonse, ndikukwawa ngati mwana. Ndinakapeza. Masiku onsewo ndinkasoka diresi, koma pachifuwa ndinasiya poyera.

Lamlungu masana anabwera yekha ku Verulam atanyamula kompyuta yatsopano ija, kabokosi kakang'ono kosalira n'komwe. Analumikiza waya wa makina opetera, n'kundipatsa malamulo atatu. Kachipinda kakale kaja kasadzaone intaneti, ngakhale wina atandinyengerera bwanji. Fulashi yolowetsera ndi kutulutsira zinthu ikhale imodzi yokha, yosabwereketsa, yosayenda m'makompyuta a anthu. Lachitatu analinena akuyang'ana kansalu kaja, kamene kanali pampando wa akazi anga.

"Ndipo iyi musaifunditse, achimwene. Simva kuzizira."

Atadina, pagalasi panatseguka zenera, m'zeneramo n'kutuluka kompyuta ya akazi anga yonse yathunthu. Kanyimbo kake koyatsira kanalira, komwe ndinkakamva kumsana m'mawa uliwonse ndikupaka mafuta makina anga. Panabwera chithunzi cha mwana wathu atavala yunifolomu ya kusekondale, ndi mafoda aja m'malo mwakemwake, mayina ake olembedwa mmene iwo ankalembera, Chingerezi chosakaniza ndi Chichewa. Ndinatuluka panja ngati ndikukalavula. Ndinawasowa kwambiri akazi anga tsiku limenelo, kuposa tsiku la maliro.

Nditabwerera tinakunga kansanza koyeserera pamakina n'kutsegula duwa. Singano inayamba kuthamanga. Masamba atatu anatuluka, makina n'kuima kuti ndisinthe ulusi. Ndinaika wachikasu, duwa n'kutuluka, lokongola, lonenepa bwino m'mbali. Makina anaimanso, ine ulusi wofiira uli kale m'manja. Koma m'malo mopempha ulusi analira katatu, kulira kwake kosonyeza kuti ntchito yatha. Timizere tofiira panalibe. Tinabwereza, zomwezo. Popanda timizereto silinali duwa la nandolo. Linali duwa lachikasu wamba, longa la pansalu za m'sitolo.

Apa ndiye mtima wapachala uja unandigwetsa m'manyazi. Ndinamuuza kuti pokopera wataya mbali ina ya fayilo. Iye anandionetsa pagalasi kuti fayiloyo ili ndi mitundu iwiri yokha ya ulusi, ndiponso kuti inasinthidwa komaliza kale kwambiri, akazi anga asanayambe n'kudwala komwe. Ine osamva. Ndinati duwa limeneli ndaliona kambirimbiri ndi maso angawa, lili ndi zofiira, asandiuze za akazi anga ngati anawadziwa ndi iye. Ndinati atsegule intanetiyo, mwina pulogalamu ikasaka yokha zimene zasowa, poti ndinkamva anthu akunena kuti zinthu zimadzikonza zikalumikizidwa. Anakana. Ndinakweza mawu, iye osakweza ake.

"Mukatsegula khomo limenelo, zofiira simuzipeza, ndipo mutha kutaya ndi zachikasu zomwe," anatero. "Ine dzanja langa lisakhalepo."

Ananyamula chikwama chake n'kutsanzika mwaulemu. Ine sindinamuperekeze ngakhale pakhomo, munthu amene anataya Lamlungu lake chifukwa cha ine.

M'mawa mwake ndinaitana neba wanga wogulitsa mafoni, amene amati palibe chomukanika. Anayang'ana n'kunena kuti shapu, n'zamphindi ziwiri, angosintha penapake kachipindako kalumikizidwa. Masiku anali atatsala ochepa kuti wathiransipota anyamuke, ndipo ndinamuuza kuti apange. Anapempha pokhala. Ndinakoka mpando wa akazi anga n'kuchotsapo kansalu kaja, ndipo pochotsapo kanatembenuka, kunsi kukhala pamwamba.

Ndine telala, kunsi kwa nsalu ndimakuwerenga kuposa nyuzipepala. Kuseri kwa masamba ndi kwa chikasu kunali ulusi woyera wa m'bobini, wondondozana bwino, mmene makina amasiyira. Kuseri kwa timizere tofiira kunalibe ulusi woyera. Kunali timfundo ting'onoting'ono, kamzere kalikonse ndi kamfundo kake, kena kokulirapo, kena kopendekeka. Imeneyo ndi ntchito ya singano ya pamanja.

Ndinamuuza neba uja kuti asiye, asakhudze chilichonse. Anadabwa, n'kunena kuti eish, amadala inu simudziwa chimene mukufuna, n'kubwerera kumafoni ake. Ine ndinakhala pampando uja kansalu kali m'manja. Ndinakumbukira kuti makina awo akalira katatu, kumsana kwanga kunkakhala chete kwa kanthawi ndithu. Ndinkaganiza kuti akupuma. Ndinkawaseka kuti abwana ayamba tchuthi, ena tikufa ndi ntchito, ndipo iwo ankangoti inu sokani zanuzo. Kani nthawi imeneyo ndi imene ankapeta timizereto, kamodzikamodzi, chigongono chawo chikundikhudza pokoka ulusi. Zaka khumi ndi chimodzi sindinacheuke kuti ndione chimene manja awo ankachita.

Ndisanachite china chilichonse ndinakwera teksi kupita kukachipinda kam'mwamba kaja. Ndinamuonetsa bambo uja kunsi kwa kansalu n'kupepesa, chipewa chili m'manja. Anayang'anitsitsa timfundoto ndi magalasi ake, n'kunena kuti zimenezi ndiye palibe kompyuta imene ikanazisunga. Anandipatsa tiyi, za dzulo lake osazitchulanso.

Ndinayesa kupeta ndekha. Masiku atatu ndinawononga tinsanza tosawerengeka. Zala zangazi zinazolowera kukankha nsalu pansi pa makina ndi kugwira sizasi yaikulu, ndipo timizere tanga tinkatuluka ngati papalasa nkhuku. Tikawongoka tinkanenepa, tikaonda tinkakhota. Pa diresi la ukwati sungayeserepo, ukabaya wabaya. Litatsala tsiku limodzi, ndinapeta masamba ndi chikasu pachifuwa cha diresi ndi makina, zinatuluka bwino kwambiri, kenako ndinakhala pansi n'kuimbira mwana wanga kuti ndimuuze zoona.

Ndinamufotokozera zonse, za kansalu, za kupsa, za bambo wa ku Mangochi, za timfundo. Ndinamuuza kuti duwa la amayi ake ndalipeza koma ndi losatha, ndipo abambo ake alephera kulimaliza. Ndinamupempha kuti andikhululukire. Kumbali yake ndinkamva nkhuku ndi mwana wa eni akulira chapatali.

"Ababa, tumizani choncho," anatero. "Timizereto ndimatidziwa."

Ndinafunsa kuti watidziwira kuti. Anati miyezi ija amayi ake ali kumudzi, masiku amene thupi lawalola, ankakhala naye pakhonde ndi singano ndi ulusi wofiira. Makina kunalibe, choncho ankajambula duwa ndi pensulo pansanza za zitenje n'kumamupetetsa timizere tokhatokha, kumasula n'kuyambiranso, mpaka iye ankatopa n'kumanyinyirika. Anati tsiku lina anawafunsa kuti bwanji sakumuphunzitsa duwa lonse, nanga timizere topanda duwa n'tantchito yanji.

"Anati chiyani?"

"Anati chikasu chili ndi abambo ako."

Diresi linapita ndi wathiransipota m'mawa mwake, nditalikulunga m'mapepala atatu, pamodzi ndi ulusi wofiira umene unatsala m'kabati ya akazi anga. Ku ukwatiko sindinapite, chifukwa chake n'chomwe chija cha mapepala. Mwana wanga ananditumizira zithunzi zambiri, za kutchalitchi, za kuholo, za anthu amene ndinawasiya ali ana pano ali ndi ana awo. Chimodzi anachijambula pafupi, pachifuwa pokha. Ndinachikulitsa ndi zala mpaka ulusi uliwonse kuoneka. Timizere tinalipo tonse, ndipo kachitatu kuchokera kumanzere kanapendekeka pang'ono, chimodzimodzi kapakansalu kaja.

Kompyuta yakale ikadali m'kachipinda kake, sinaonepo intaneti, ndipo m'mawa uliwonse imaimba kanyimbo kake. Kansalu ndinakapachika pakhoma, kunsi kuli kunja. Mabaji ndimapeta mwachangu, koma nthawi zina, kukakhala kopanda makasitomala, ndimakunga kansanza n'kutsegula duwa lija. Ndimabwerera pampando wanga, kuyang'ana kukhomo, makina akugunda kumsana. Akalira katatu sindidzuka msanga.